Kuwerenga Misomali ya Sitima Sikutaya Nthawi

Ku Britain kuli dzina lachipongwe limene amapatsa munthu wokonda sitima za pamtunda mopitirira muyeso. Amamutchula kuti wowerenga misomali, chifukwa akaona chifaniziro cha mutu wa sitima, kaya ndi kachidole ka pashelefu kaya ndi chojambulidwa m'masewero a pakompyuta, safulumira kuyamikira. Iye amayamba wawerenga misomali yachitsulo imene ili m'mbali mwake, ndipo ukasowa umodzi amadandaula ngati waferedwa. Kale ine ndinkawaseka anthu oterewa, koma lero ndikufuna kuwaikira kumbuyo. M'chimangirizo chino ndionetsa kuti munthu wopanga mutu wa sitima yamalasha wa m'masewero a pakompyuta ali ndi udindo wofanana ndi wa mkonzi wa buku lakale, ndiponso kuti kulondola kwa ntchito yake si nkhani yachibwana ayi.

Ndiyambe ndi kufotokoza masewerowo, popeza si tonse amene tidawaonapo. M'chaka cha 2001 kampani ya Microsoft idatulutsa gemu yotchedwa Microsoft Train Simulator, ndipo chaka chomwecho ku Australia kudatuluka ina yotchedwa Trainz. Pambuyo pake padabwera ena monga Open Rails, imene amaikonza ndi anthu odzipereka ndipo ndi yaulere, komanso Train Sim World, imene m'chaka cha 2022 idalowetsamo sitima zamalasha za panjanji yapakati pa Liverpool ndi Crewe. M'masewerowa mulibe mfuti ndipo mulibe zigoli. Wosewera amakhala m'kachipinda ka dalaivala, ntchito yake n'kunyamuka pasiteshoni ina ndi kukafika pa ina panthawi yake, mabogi onse ali bwinobwino. Mitu ya sitima ina amapanga ndi makampani ndipo amagulitsa, koma yambiri amapanga ndi anthu wamba m'nyumba zawo usiku akaweruka kuntchito. Wopangayo amayenera kulondola zinthu zitatu: maonekedwe a mutuwo, mayendedwe ake, ndi kamvekedwe kake.

Mfundo yanga yoyamba ndi yokhudza mayendedwe. Mutu wa sitima yamalasha si galimoto yoti ungoponda mafuta n'kumapita. Kumbuyo kwake kuli ng'anjo ya malasha. Moto wa m'ng'anjomo umadutsa m'mipope yambiri imene yazunguliridwa ndi madzi m'boyila, madziwo amawira n'kusanduka nthunzi, ndipo nthunziyo imakankha mapisitoni amene amazunguza mawilo kudzera m'mikono yachitsulo. Nthunzi ikatha ntchito imatulukira pachumuni, ndipo potuluka imakoka mpweya kudutsa m'ng'anjo muja, kotero kuti sitima ikamalimbikira kukoka, moto nawo umakolera. Dalaivala ali ndi chogwirira chotsegulira nthunzi, komanso china chosankhira kuti nthunziyo idulidwe pati pisitoni ikamayenda. Ponyamuka amailola kulowa nthawi yaitali kuti mphamvu ichuluke, koma sitima ikathamanga amaidula msanga kuti isamatayike chabe. Mnzake wosonkheza moto amaponya malasha ndi fosholo ndi kuthira madzi m'boyila. Akaunjika malasha ambiri moto umabanika, utsi n'kuda bii. Akathira madzi ozizira ambiri nthawi imodzi, mphamvu ya nthunzi imatsika.

Zonsezi ine ndidazidziwira pagemu, palaputopu ya mnzanga wogona naye chipinda chimodzi. Tsiku loyamba ndidasangalala ndi liwiro mpaka kuiwala kuyang'ana kagalasi koonetsa mlingo wa madzi. Nditayamba kutsetsereka phiri, madzi adakhuthukira kutsogolo kwa boyila, denga la ng'anjo lidakhala pamtetete, ndipo ulendo wanga udathera pomwepo. Gemu idandiuza kuti ndasungunula kachitsekero ka mtovu kamene amaika padenga la ng'anjo kuti kachenjeze anthu boyila isanaphulike. Ndidakwiya, koma pambuyo pake ndidazindikira kuti ndaphunzira chinthu chimene chithunzi cha m'buku la mbiri sichikadandiphunzitsa: kuti anthu awiri aja adali ndi ntchito ya maso, makutu ndi msana, ndipo moyo wa onse okwera udali pa kagalasi kamodzi ka madzi. Wopanga mutu umenewo akadangoupatsa batani lopita kutsogolo ndi lobwerera m'mbuyo, ndikadatuluka m'gemumo ndili mbuli ngati mmene ndidaloweramo, koma ndikudziyesa wodziwa.

Mfundo yachiwiri ndi ya kamvekedwe, ndipo iyi adandiphunzitsa ndi agogo anga aamuna. Iwo ali mnyamata adapita kukafuna ntchito ku Salisbury, kumene lero timati Harare. Adakwera sitima ku Limbe, kutsika ndi chigwa cha Shire, kuwoloka Zambezi pamlatho wa Dona Ana, kenako kulowera ku Umtali, lero Mutare. Chigawo chomaliza cha ulendowo adakokedwa ndi mutu wa mtundu wa Garratt. Mitu imeneyi, imene yambiri idapangidwa ndi kampani ya Beyer, Peacock ya ku Manchester, ili ndi mainjini awiri, ina kutsogolo ina kumbuyo, ndipo boyila imalendewera pakati pawo. Patchuthi china ndidapeza Garratt imene munthu wina adapanga yekha n'kuiika pa intaneti. Idali yokongola zedi. Ndidabwereka laputopu ija n'kupita nayo kumudzi kuti agogo akaone.

Agogo adayang'ana kwa kanthawi akugwedeza mutu movomereza. Koma nditainyamutsa sitimayo adatchera khutu, nkhope n'kusintha.

"Iwe, thupi ndi lomwelo, koma mpweya si wake," adatero.

"Mpweya wake unkamveka bwanji, agogo?" ndidafunsa.

"Unkamveka ngati amayi awiri akusinja mumtondo umodzi. Pena misi imagwera pamodzi, pena imasiyana, kenaka n'kukumananso. Iyi yakoyi akusinja ndi munthu mmodzi."

Nditafufuza ndidapeza kuti agogo sadaphonye. Mutu wa masilinda awiri umapuma kanayi wilo likazungulira kamodzi, ndipo wa masilinda atatu umapuma kasanu n'kamodzi. Garratt ili ndi mainjini awiri amene mawilo ake sadamangidwe pamodzi, choncho kupuma kwawo kumatha kukumana ndi kusiyana, makamaka ina ikaterereka panjanji. Wopanga uja adangotenga mawu a sitima ina ya injini imodzi n'kuwamata pa Garratt yake. Ine sindikadadziwa, ndipo anzanga onse amene adaiona sadadziwe. Bodzalo lidagwidwa ndi khutu la nkhalamba imene idamva kulirako zaka zoposa 60 zapitazo. Akuluakulu adati chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Ife ophunzira chiyankhulo timadziwa kuti mvekero si chokometsera chabe. Kunena kuti chinthu chidagwa kuti phii si chimodzimodzi ndi kunena kuti chidagwa kuti khu. Ngati timalimbana ndi kusiyana kotereku m'kalasi, tilekerenji kukulemekeza pamene wina akukusunga m'mawu a makina?

Mfundo yachitatu, imene kwa ine ndi yaikulu, ndi ya maonekedwe. Pano nditenga chitsanzo cha Flying Scotsman, mutu wa sitima wotchuka kwambiri ku Britain, umenenso udali m'gemu ya Microsoft ya 2001 ija. Mutuwu adaukonza ndi Nigel Gresley ndipo udatuluka m'fakitale ya ku Doncaster m'chaka cha 1923. Uli ndi masilinda atatu, mawilo aang'ono 4 kutsogolo, aakulu 6 pakati ndi aang'ono 2 kumbuyo. Pa 1 May 1928 udayenda kuchokera ku London mpaka ku Edinburgh, mtunda woposa makilomita 630, osaima paliponse. Izi zidatheka chifukwa ngolo yake yonyamula malasha ndi madzi idali ndi kanjira kopapatiza m'kati, koti dalaivala ndi wosonkheza moto atsopano adutsiremo kukalandira anzawo sitima ikuyenda. Pa 30 November 1934 udathamanga mamailosi 100 pa ola.

Tsono munthu akati akufuna kupanga Flying Scotsman yolondola, funso n'lakuti, iti? Pobadwa nambala yake idali 1472. M'chaka cha 1924 idakhala 4472, mu 1946 idasintha kawiri n'kuthera pa 103, ndipo mu 1948, njanji zonse zitalowa m'manja mwa boma, idakhala 60103. Mu 1947 adauika boyila yamphamvu kwambiri, ya mapaundi 220 m'malo mwa 180 pamuyeso wawo, ndipo mutu umene udabadwira m'gulu la A1 udathera m'gulu la A3. Mu 1959 adaupatsa chumuni cha mabowo awiri. Chumuni chimenechi chinkatulutsa utsi mofatsa, utsiwo n'kumaphimba maso a dalaivala, motero mu 1961 adawonjezera malata awiri m'mbali mwa mphuno yake okankhira utsi m'mwamba. Utoto nawo udasinthasintha: wobiriwira mowala, wakuda panthawi ya nkhondo yachiwiri, wabuluu kwa kanthawi, kenaka wobiriwira moderako. Udapuma pantchito mu January 1963, ndipo Alan Pegler adaugula kuti usaphwanyidwe. Nyumba yosungiramo zinthu zakale za njanji ya ku York idaugula mu 2004, ndipo utakonzedwa kwa zaka khumi udabwereranso panjanji mu 2016 uli ndi nambala 60103.

Apa zikuonekeratu kuti dzina ndi limodzi koma mitu ndi yambiri. Wopanga akatenga nambala ya 1928, chumuni cha 1959 ndi malata a 1961, n'kuika zonsezi paulendo woyamba uja wa ku Edinburgh, ndiye kuti wapanga chinthu chimene sichidakhaleko tsiku limenelo, ngakhale chiwalo chilichonse pachokha n'choona. Ife a zachiyankhulo vuto ili timalidziwa bwino. Buku Lopatulika la 1922 lidalembedwa m'kalembedwe kakale, kamene mawu oti chikondi ankalembedwa cikondi, monga amalembera anzathu a ku Zambia mpaka lero. Buku Loyera la 1998 lili ndi kalembedwe kena ndi mawu ena. Onsewa ndi mabuku enieni ndipo lililonse lili ndi nthawi yake. Koma mkonzi atasakaniza ndime za uku ndi uku, n'kulemba pachikuto kuti umu ndi mmene ankalembera mu 1922, mphunzitsi aliyense wa m'dipatimenti yathu angamubwezere ntchitoyo. Chomwechonso ndi wopanga mitu ya sitima. Kulondola kulibe tanthauzo ngati sitinena kuti tikulondola chaka chiti.

N'chifukwa chake opanga osamala amagwira ntchito ngati ofufuza mbiri. Amafunafuna mapulani a kufakitale, amayerekeza zithunzi zokhala ndi madeti, amakayeza mitu yotsala ndi tepi, ndipo amakajambula mawu ake ikamayenda. Mphamvu ya mapulani idaoneka m'chaka cha 2008 ku Darlington, pamene gulu la anthu odzipereka lidamaliza kumanga mutu weniweni watsopano wotchedwa Tornado. Mitu yonse 49 ya mtundu umenewo idaphwanyidwa m'zaka za m'ma 1960, osatsalako ndi umodzi womwe, koma mapulani ake adasungidwa ku York. Ngati mapepala angadzutse chitsulo cholemera matani oposa 100, ndiye kuti angadzutsenso chifaniziro choona cha pakompyuta. Chofunika ndi kuleza mtima, paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Komabe sindingakhale wachilungamo ngati sindimva mbali ya otsutsa. Ena amati awa ndi masewero chabe, ndipo wosewera amafuna kusangalala, osati kulemba mayeso. Mfundoyi ili ndi mutu. Gemu yoti munthu adikire maola angapo kuti madzi awire, monga zinkachitikira pokoleza mutu wozizira, palibe angaisewere. Ndiponso kompyuta ili ndi malire; makompyuta a 2001 sakadatha kujambula msomali uliwonse, ndipo opanga ankangoupenta pachithunzi chafulati. Koma kufewetsa chinthu ndi kunamiza munthu n'zosiyana. Masewero ambiri amalola wongoyamba kumene kuti kompyuta izimusonkhezera moto, ndipo amamuuza poyera kuti akuthandizidwa. Apo palibe bodza, monganso palibe bodza m'buku la ana lolembedwa kuti ndi lofupikitsidwa. Bodza limabwera pamene chinthu chongopeka chavala dzina, nambala ndi chaka cha chinthu chenicheni. Wopanga amene wasowa mawu a Garratt angathe kubwereka a sitima ina, koma alembe kuti wabwereka.

Ena amati nthano zathu zimasintha pakamwa pa wokamba aliyense ndipo palibe amadandaula, nanga sitima yalakwanji? Yankho langa ndi lakuti nthano imayamba ndi padangotero, ndipo omvera onse amadziwa kuti alowa m'dziko lopeka. Gemu yoyerekeza sitima imalonjeza zosiyana ndi zimenezo. Imati umu ndi mmene zidalili. Munthu akalonjeza choncho wasiya kukhala wokamba nthano, wasanduka mboni, ndipo mboni timaiyesa ndi muyeso wina. Tikumbukirenso kuti achinyamata ambiri a lero sadzaona mutu wamalasha ukuyenda ndi maso awo. Chimene adzaone pakompyuta ndicho chidzakhale chikumbumtima chawo cha zakale, ndipo agogo otha kuwawongolera akutha mmodzimmodzi.

Kutsutsa kwachitatu ndiko kumandivuta kwambiri, ndipo sindikukana. Pali anthu amene amati kulondola kwa misomali kumabisa kusalondola kwa nkhani ya anthu. Gemu ingathe kujambula bwino chitsulo chilichonse cha Garratt, koma osaonetsa kuti m'nthawi ya atsamunda mabogi adali ogawidwa, azungu pa mipando yawofuwofu, anthu akuda atapanikizana pa mabenchi a matabwa. Singaonetse kuti malasha amene ankayaka m'ng'anjomo ankakumbidwa ku Wankie, lero Hwange, ndi anthu amene ambiri a iwo adali ochokera ku Nyasaland ndi ku Northern Rhodesia. Singamvetse wosewera kutentha kwa pakhomo la ng'anjo kapena kuwawa kwa msana. Zonsezi n'zoona. Koma taonani kumene mfundoyi ikutitengera. Sikuti ikupempha kuti kulondola kuchepe, koma kuti kuchuluke, kufike mpaka m'mabogi a kumbuyo ndi pamasiteshoni pamene amayi ankagulitsa nthochi ndi chinangwa. Wowerenga misomali sadalakwe powerenga. Adalakwa pamene adasiyira kuwerengako pamutu wa sitima osayang'ana amene akukokedwa.

Apa ndi pamene nkhaniyi ikutikhudza ife eni. Masewerowa adzaza ndi njanji za ku Britain, Germany ndi America, chifukwa kumeneko ndi kumene kuli mapulani osungidwa bwino, ogula ambiri, ndi anthu okhala ndi nthawi yopanga. Komatu nafenso tili ndi mbiri ya sitima zamalasha. Njanji yochokera ku Port Herald, lero Nsanje, kufika ku Blantyre idatsegulidwa mu 1908, ndipo mu 1935 mlatho wa Dona Ana udatha, njanji n'kufikanso ku Salima. Njanji zathu ndi zopapatiza, mamilimita 1,067 pakati pa zitsulo ziwiri, pamene za ku Britain ndi 1,435. Choncho munthu sangangotenga mutu wa ku Doncaster n'kuupaka utoto wina, n'kunena kuti ndi wa ku Limbe. Pabwalo la nyumba yosungiramo zinthu zakale ku Chichiri pali mutu wamalasha woti munthu angauyeze ndi tepi. Ku Livingstone ndi ku Bulawayo kulinso nyumba zosungiramo zinthu za njanji. Tsiku lina wina adzapanga gemu ya sitima yokwera mapiri kuchokera kuchigwa cha Shire kupita ku Limbe. Ngati adzakhale munthu wakutali wosaidziwa njirayo, ndipo ife tili chete, adzaikamo mitengo ya kwawo, nyumba za kwawo ndi mpweya wa sitima za kwawo, ndipo adzukulu athu adzakhulupirira.

Ndiye ntchito ya ife ophunzira chiyankhulo ndi zolembalemba ndi yotani pamenepa? Ambiri a ife sitidziwa kujambula zitsulo pakompyuta, koma timadziwa kufunsa mafunso, kujambula mawu ndi kulemba zimene tamva popanda kuzikometsera. M'makwalala a Limbe, Balaka ndi Salima mukadali anthu okalamba amene adagwirapo ntchito kunjanji kapena adakwera sitima zamalasha. Iwo ali ndi mayina amene ankatchulira ziwalo za sitima, mvekero zofotokozera kulira kwake, ndi nkhani za mmene ulendo unkakhalira. Zimenezi sizili m'mapulani a ku York kapena ku Manchester. Wojambula ali ndi luso lake, wa zamakina ali ndi lake, ndipo ife tili ndi lathu. Mutu umodzi susenza denga. Pamene tikusankha mitu ya kafukufuku wa chaka chomaliza, bwanji wina mwa ife osatenga mawu a anthu apanjanji?

Pomaliza, ndabwerera kwa wowerenga misomali uja. N'zoona kuti nthawi zina amatopetsa, ndipo amatha kugwetsa ulesi mnyamata amene wapanga mutu wake woyamba. Aphunzire kudzudzula mwaulemu. Koma chimene amaimira n'choyenera: kuti chinthu chotchulidwa dzina lenileni chikhale monga chidalili, pachaka chimene chatchulidwa, ndipo pamene wopanga wapeka anene kuti wapeka. Ndisanabwerere kusukulu patchuthi chija ndidawapempha agogo kuti ayerekezenso kulira kwa Garratt ndi pakamwa, ine n'kujambula pafoni. Adaseka kaye, kenaka adachita, manja awo akusinja m'malere. Ndidatumiza mawuwo kwa munthu amene adapanga mutu uja, pamodzi ndi kalata yofotokoza za amayi awiri ndi mtondo umodzi. Kaya adzakonza kaya sadzakonza, izo n'zake, koma mpweya wa sitima ija tsopano walembedwa penapake.